ANZATHU AMENE BELU SILIDAWAITANE

 M'kalata yathu ino timakonda kukumbutsana za aphunzitsi athu akale, za mpira, ndi za anzathu amene adatsogola. Lero ndapempha malo kuti ndikambe za anthu amene mayina awo mulibe m'buku la bungwe lathu. Sikuti adakana kulipira ndalama ya umembala ayi, koma sadalembedwepo m'kaundula wa sukulu ina iliyonse. Ndikunena ana akhungu, osamva, opuwala miyendo, akhunyu, ndi ena ochedwa kugwira zinthu m'mutu, amene tidakulira nawo m'midzi ya kuno ku Chezi ndi m'mapiri onse a Dowa ndi Ntchisi. Madzulo tinkasewera nawo, koma m'mawa belu likalira ife tinkapita, iwo n'kutsala. Tsono funso langa ndi ili: kodi zidayenda bwanji kuti dziko lathu lifike polemba m'malamulo kuti malo a mwana wotere ndi m'kalasi? Ndipo ngati lamulo lidatero, bwanji ena akadali pakhonde mpaka lero?

SUKULU IDAFIKA, KOMA OSATI KWA ONSE

Mapiri athu ano ndi amodzi mwa malo amene sukulu idafika msanga m'chigawo chapakati. M'chaka cha 1889 abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed, ochokera ku South Africa, adakhazikika pa Mvera m'dziko la mfumu Chiwere, ndipo mu 1894 Robert Blake adatsegula mishoni ya Kongwe. Kuchokera m'malo awiriwa sukulu za m'midzi zidafalikira m'zigwa ndi m'zitunda. Cholinga chachikulu cha sukuluzo chidali chakuti munthu adziwe kuwerenga ndi maso ndi kuyankha pakamwa zimene wamva ndi makutu. Kwa mwana wosaona kapena wosamva khomo lidali lotsekeka ngakhale padalibe munthu woima pamenepo ndi ndodo.

Kumudzi nako maganizo adali osiyanasiyana. Ena ankati mwana wolumala walodzedwa, ena ankanong'ona kuti bambo wake adakhwimira chuma, ndipo mabanja ena ankabisa mwanayo m'nyumba alendo akabwera. Wakhunyu ankathawidwa poganiza kuti thovu lake limapatsirana, chonsecho khunyu silipatsirana konse. Lero tikudziwa kuti ambiri mwa anawo adalumala ndi matenda odziwika: chikuku chimene chinkawononga maso a mwana wosowa zakudya zoyenera, poliyo, malungo okwera m'mutu, matenda oumitsa khosi, ndi mafinya a m'khutu osapatsidwa mankhwala. Komabe tisaiwale kuti mudzi sunkataya munthu wake. Wakhungu ankaluka mphasa ndi madengu, wosamva ankaweta ng'ombe, ndipo ena ankadya ndi luso lawo monga muja adachitira malemu Allan Namoko wa ku Thyolo, amene nyimbo zake tonse tidazimva pa wailesi. Makolo adati ukaipa dziwa nyimbo. Chimene mudzi sunkaganiza n'chakuti munthu yemweyo angathenso kukhala mphunzitsi, kalaliki kapena woweruza milandu.

CHILANGA, LULWE NDI NGULUDI

Padapita zaka zoposa 60 chitsegulire Mvera kuti mwana wakhungu wa m'dziko muno apeze sukulu yake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 amishoni adatsegula sukulu ziwiri za ana akhungu, ina pa Chilanga ku Kasungu ndipo ina pa Lulwe ku Nsanje. Ya pa Chilanga ndiyo idali yathu ife a chigawo chapakati, ndipo ili m'manja mwa Sinodi ya Nkhoma. Kumeneko ana adayamba kuwerenga ndi zala pogwiritsa ntchito timadontho totukuka pa pepala lolimba. Njira imeneyi adaipeza ndi mnyamata wa ku France, Louis Braille, amene adachita khungu ali wamng'ono atadzibaya m'diso ndi chida cha bambo wake. Mu 1824, ali ndi zaka 15 zokha, adakonza zilembo zonse kuchokera pa timadontho 6. Onani kutalika kwa ulendo wake: nzeru yopezeka mu 1824 idatenga zaka zoposa 120 kuti ifike m'kalasi ya ana a kwathu.

M'zaka zotsatira padabwera njira ina yanzeru. M'malo momanga sukulu ya akhungu okhaokha, ankamanga chipinda chapadera ndi malo ogona pambali pa sukulu ya pulayimale ya ana onse. Mwana ankayamba waphunzira Braille kwa mphunzitsi wodziwa ntchitoyo, kenaka n'kukalowa m'kalasi limodzi ndi anzake openya. Malo otere amatchedwa resource centre, ndipo ena odziwika ndi Malingunde ku Lilongwe, Ekwendeni ku Mzimba, Nkope ku Mangochi ndi Nazombe ku Phalombe. Ndikutchula zimenezi kuti tidziwe kuti kuphunzitsa ana olumala pamodzi ndi anzawo si chinthu chachilendo chobwera ndi ndege dzulodzuloli. Dziko lathu lidayamba kuchiyesa kale.

Ana osamva adadikira nthawi yotalikirapo. Maphunziro awo adayamba mu 1968 pa Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ndi abulazala a Chikatolika a chipani cha FIC ochokera ku Holland. Pamenepo mpamene pali sukulu ya Maryview, ndiponso koleji imene yakhala ikusula aphunzitsi a ana akhungu ndi osamva a dziko lonse. Pambuyo pake padatsegulidwa sukulu zina za osamva monga Mua ku Dedza, imene ili pafupi ndi ife podzera ku Salima, Mountain View ku Bvumbwe, ndi Embangweni kumpoto. Kwa zaka zambiri sukulu zimenezi zinkalimbikira kuphunzitsa mwana kuwerenga milomo ya womulankhula ndi kuyesa kutulutsa mawu. Maganizo amenewa adachokera ku msonkhano wa aphunzitsi a osamva umene udachitikira ku Milan, m'dziko la Italy, mu 1880, umene udagamula kuti kulankhula ndi manja kusiyidwe. Koma ana eni ake, akakhala kogona ndi pabwalo lamasewero, ankalankhulana ndi manja basi, ndipo chinenero chawo chidakula chomwecho. Bungwe la anthu osamva la MANAD lidachimenyera nkhondo mpaka mu 2021 pamene lidatulutsa buku loyamba lotanthauzira mawu a chinenero chamanja cha ku Malawi.

Ntchito ya sukulu zimenezi njotamandika, ndipo amene adadzeramo amazikumbukira ndi misozi yachimwemwe. Koma taganizani za kholo la pa Chezi m'zaka zimenezo. Kuti mwana wake wosamva wa zaka 6 aphunzire, lidayenera kumva kaye kuti sukulu yotere iliko, kupeza ndalama ya basi, kudutsa Lilongwe, Dedza ndi Ntcheu mpaka kukafika kuseri kwa Limbe, n'kumusiya mwanayo m'manja mwa anthu osawadziwa kwa miyezi itatu. Malo nawo adali owerengeka. Opita adali mmodzimmodzi, otsala adali khwimbi.

LAMULO LA CHIFUNDO

Lamulo la maphunziro limene tonsefe tidaphunzira pansi pake lidali la 1962. Silidakakamize kholo kutumiza mwana ku sukulu, ndipo silidakakamize sukulu kulandira mwana wolumala. Mu 1971 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loyamba lokhudza anthu olumala, limene lidabala bungwe la MACOHA. Bungweli lidachita zambiri pophunzitsa anthu ntchito zamanja, ndipo ambiri timadziwa fakitale yake yoluka nsalu ya ku Bangwe ndi sukulu yake ya ntchito ya ku Magomero. Koma mzimu wa lamulolo udali wa chifundo: munthu wolumala ndi wofunika kuthandizidwa. Silidanene kuti mwanayo ali ndi ufulu umene angaufunse ngati mwini wake. Mphunzitsi wamkulu akanena kuti, "Pepani mayi, mwana uyu kuno sitingamuthe," nkhani inkathera pomwepo, ndipo mayiyo ankathokoza n'kubwerera.

Tisaganize kuti tidali tokha m'mbuyo. Ku England, mpaka chaka cha 1970, lamulo linkalola kuti ana ena alembedwe kuti ngosatheka kuphunzitsika. Ku America, pamene ankakhazikitsa lamulo lawo la 1975 lopatsa mwana aliyense wolumala ufulu wa maphunziro aulere, aphungu awo adavomereza kuti ana pafupifupi 1 miliyoni adali kunja kwa sukulu za boma. Kumeneko adasintha zinthu ndi makolo amene adatopa n'kukasuma ku khoti.

Ine ndidaona ndi maso anga mmene zinkakhalira m'zaka za m'ma 1970. M'kalasi mwathu mudali mnyamata wopuwala ndi poliyo amene mkulu wake ankamubereka kumsana tsiku ndi tsiku, kutsika chigwa, kuwoloka mtsinje ndi kukwera chitunda. Pa masamu a pamtima padalibe womuposa. Atafika Sitandade 4 thupi lidakula, mkulu wake uja adapita kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya, ndipo sukulu yake idathera pomwepo. Palibe adamuchotsa, palibe adamukana. Idamulepheretsa ndi njira chabe. Mudalinso mtsikana wachialubino amene ankakhala kumbuyo chifukwa adali wamtali, ndipo ankatchedwa waulesi pokopera zolemba pa bolodi. Padalibe wodziwa kuti anthu achialubino maso awo saona patali. Mankhwala a vuto lake adali kumusuntha mayadi asanu okha kupita kutsogolo.

CHAKA CHA 1994

Ngati pali chaka chimene mbiri imeneyi idakhota, ndi 1994, pakuti zinthu zitatu zidachitika motsatizana. Choyamba, m'mwezi wa May dziko lathu lidalandira malamulo aakulu atsopano oyendetsera dziko. Gawo 20 la malamulowo limaletsa kusala munthu pa zifukwa zosiyanasiyana, ndipo kulumala kudatchulidwa m'gulu la zifukwazo. Gawo 25 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Mawu akuti aliyense sadasiye munthu kunja.

Chachiwiri, m'mwezi wa June nthumwi za maboma 92 ndi mabungwe 25 zidakumana mu mzinda wa Salamanca ku Spain pansi pa UNESCO. Mfundo imene adagwirizana idatembenuza kaganizidwe kakale. Kale funso linkakhala lakuti, kodi mwana uyu angakwane m'sukulu yathu? Ku Salamanca adati funso likhale lakuti, kodi sukulu yathu isinthe chiyani kuti mwana uyu akwanemo? Adatinso mwana wolumala aziphunzira pa sukulu ya pafupi ndi kwawo, yomwe akadapitako akadakhala wosalumala, pokhapokha patakhala chifukwa chenicheni chochitira mwina.

Chachitatu, chakumapeto kwa chaka chomwecho boma la a Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale. Chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Amene mudali aphunzitsi nthawi imeneyo mukukumbukira makalasi a pansi pa mitengo ndi anzathu masauzande amene adalembedwa ntchito asadapite ku koleji. M'chikhamu chimenecho mudalowanso ana ambiri olumala amene kale makolo sankafuna kuwatayira ndalama ya fizi. Koma walira mvula walira matope. Mwana wosamva bwino, m'kalasi ya ana 100, kwa mphunzitsi wosaphunzitsidwa za iye, adalowa m'chipinda koma sadalowe m'phunziro. Ambiri adabwereza Sitandade 1 ndi 2 mpaka kutopa.

KUCHOKA PA CHIFUNDO KUFIKA PA UFULU

Kuchokera pamenepo zinthu zidayamba kuyenda, ngakhale mwa kayendedwe ka nkhono. Mu 1996 koleji ya Montfort idayamba kusula aphunzitsi a ana ovutika kugwira maphunziro, gulu limene kufikira nthawiyo lidalibe mwini. Mu 1999 mabungwe a anthu olumala adagwirizana n'kupanga FEDOMA, ndipo mfundo yawo idali yakuti nkhani zokhudza iwo zisamakambidwe iwo palibe. Mu 2006 bungwe la United Nations lidavomereza pangano la ufulu wa anthu olumala, limene gawo 24 lake limanena za kuphunzira pamodzi, ndipo Malawi adalivomereza mu 2009.

Zipatso za panganolo zidaoneka mu 2012 pamene Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano la anthu olumala. Kwa nthawi yoyamba kudakhala mlandu kuti sukulu ikane kulemba mwana, kapena imuchotse, chifukwa cha kulumala kwake. Mawu aja akuti "kuno sitingamuthe" adasanduka kuphwanya lamulo. Mu 2013 lamulo la maphunziro la 1962 lidalowedwa m'malo ndi latsopano, limene lidati maphunziro a pulayimale ngokakamiza. Mu 2017 Unduna wa Zamaphunziro udatulutsa ndondomeko ya zaka zisanu yoyendetsera kuphunzira pamodzi. Pomaliza, mu 2024, lamulo lina lidayamba kugwira ntchito m'malo mwa awiri aja a 1971 ndi 2012, ndipo MACOHA idasinthidwa kukhala MACODA. Kuchoka 1971 kufika 2024 ndi zaka 53. Mwana amene adabadwa pamene lamulo la chifundo linkalembedwa adali ndi zidzukulu pamene lidafafanizidwa.

Ngakhale mawu athu adasintha m'njiramo. Makolo athu ankati chilema kapena wopunduka, ife tidakula tikuti wolumala, ndipo lero pa wailesi mumamva akuti munthu waulumali, pofuna kuti umunthu uzitsogola. Ena amati n'kusewera ndi mawu chabe, koma amene adaitanidwapo ndi dzina la chilema chake m'malo mwa dzina lake lobadwa nalo amadziwa kulemera kwake.

Kuti sukulu imasintha moyo wa munthu wotere, umboni ulipo. Malemu mayi Rachel Kachaje, amene adapuwala ndi poliyo ali mwana, adakhala nduna ya boma mu 2013. A Overstone Kondowe adasankhidwa mu 2021 kwa anansi athu a ku Nkhotakota kukhala phungu woyamba wachialubino m'dziko muno, patangopita zaka zochepa chiyambire nkhanza zoopsa zopha ndi kuba anthu achialubino zimene zidachititsa makolo ambiri kuopa kutumiza ana awo ku sukulu. Ndikaona anthu otere ndimadzifunsa kuti mnyamata wa masamu uja akadafika pati pakadapezeka womukankha pa njinga.

LAMULO SILIKWERA PHIRI LOKHA

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo, oposa 10 pa 100 alionse ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo achialubino adapezeka 134,636. Ndiye kuti palibe mudzi, palibe kalasi, imene nkhaniyi siikhudza.

Lamulo tsopano lili kumbali ya mwana, koma lamulo ndi pepala. Silikwera chitunda, siliwoloka mtsinje wodzaza mu February, silikulitsa khomo la chimbudzi kuti njinga ilowe. Dera lathu lino ndi la mapiri ndi miyala, kotero kuti vuto limene lidagonjetsa mnzanga uja likadalipo. Aphunzitsi osulidwa ku Montfort ngochepa poyerekeza ndi sukulu zimene zikuwafuna, ndipo mmodzi amayenera kuyendera sukulu zingapo zotalikirana. Mapepala a Braille ndi makina ake ngokwera mtengo. Bungwe la mayeso la MANEB limakonza mayeso a Braille ndi a zilembo zikuluzikulu, koma limatero ngati sukulu yanena msanga kuti ili ndi mwana wotere.

Ndinenenso mosabisa kuti kuphunzira pamodzi sikutanthauza kutseka Chilanga kapena Mua. Mwana wosamva konse amafuna anzake ndi aphunzitsi olankhula chinenero chamanja, apo ayi adzakhala yekhayekha pakati pa gulu. Mwana wakhungu ayenera kuyamba wagwira Braille. Kungomuika mwana pa benchi n'kunena kuti taphatikiza ndi kudzinamiza. Koma ana ambiri olumala safuna zinthu zapatali chomwecho. Amafuna mpando wa kutsogolo, magalasi, chipewa cha khonde ndi malaya a manja aatali, mankhwala a khunyu omwa tsiku ndi tsiku, ndodo zoyendera, ndi mphunzitsi woleza mtima amene amalankhula atayang'ana ana, osati atayang'ana bolodi.

Apa mpamene ife ophunzira akale tikulowa. Pakati pathu pali aphunzitsi, anamwino, amisiri omanga, abusa, mafumu ndi ochita malonda. Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu ukubwerawu tikambirane zinthu zinayi. Choyamba, tigwirizane ndi mafumu, komiti ya sukulu ndi gulu la amayi kuti tiyende khomo ndi khomo m'midzi yozungulira sukulu yathu, tidziwe ana a msinkhu wa sukulu amene ali pakhomo chifukwa cha ulumali. Sitingathandize munthu amene sitidamuwerenge. Chachiwiri, chilichonse chimene bungwe lathu lidzamange kuyambira tsopano, kaya ndi kalasi kaya chimbudzi, chikhale ndi polowera potsetsereka ndi khomo lalikulu. Matumba ochepa a simenti amakwana ngati taganiza tisadayambe kumanga. Chachitatu, tipemphe a zaumoyo kuti kamodzi pa chaka adzayeze maso ndi makutu a ana a Sitandade 1, ndipo ofunika kuonedwa ndi dokotala tiwathandize ulendo wa ku chipatala monga cha Nkhoma, chimene chimadziwika pa za maso. Chachinayi, tilimbikitse mphunzitsi mmodzi wa pa sukulu yathu kuti akaphunzire ku Montfort, ndipo akabwera timusamale kuti asatithawe.

Akulu adati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Ambiri a ife tsopano tikuwerenga kalata ino ndi magalasi, ena tikuyenda ndi ndodo, ena adzukulu ayenera kukweza mawu kuti timve. Zimene ana aja adakumana nazo ali ndi zaka 6, ife tikuzilawa ku ukalamba. Amishoni adachita mbali yawo, eni ake aulumali adamenya nkhondo yawo, ndipo aphungu adalemba malamulo. Chatsala ndi kamtunda kochokera pakhonde la mwana kufika pa benchi ya m'kalasi, ndipo kamtunda kameneko sikadzayendedwa ndi anthu a ku Salamanca kapena a ku Capital Hill. Nkathu ife a kuno.

Amene muli ndi maganizo pa nkhaniyi, kapena mukudziwa mwana wofunika thandizo, lemberani akonzi kapena dzanenereni pa msonkhano.